Banyira wa m'kompyuta

Lachiwiri lapitali ndinatha tsiku lathunthu m'holo ya parishi yathu kuno ku Namitete, ndikuyang'ana zilembo zoyera zikuthamanga pa galasi lakuda la kompyuta. Musandifunse zomwe zinkanena. Ine ndine mlimi wa fodya, ndipo m'komiti ya holoyi anandiikamo chifukwa ndimalemba m'nyuzi basi.

Parishi inalandira makompyuta kuchokera kwa abwenzi akunja, koma ndi nkhalamba zoti mapulogalamu a masiku ano amazilemera. Tadala, mtsikana wa m'mudzi mwathu amene anaphunzira za makompyuta m'tauni, anati angathe kuwamangira zam'kati zopepuka kuyambira pansi. Komiti inamulonjeza kuti akawayatsa, ntchito yophunzitsa achinyamata ndi yake. Chimalizireni sukulu wangokhala pakhomo, ndiye ntchitoyi ankaifuna ndi mtima wonse.

Tsikulo ankamanga chimene ankachitcha layibulale ya C. Anati ndi maziko: pulogalamu iliyonse ikafuna kulemba mawu, kutsegula fayilo kapena kudziwa nthawi, imakapempha kumeneko. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Layibulaleyi imabwera ndi timaphukusi tapambali toti womanga asankhe kuikamo kapena kusiya. Tadala anasankha kaphukusi kamodzi kokha. Tsoka lake, a Mbewe, tcheyamani wathu, anali ataima kumbuyo kwake.

"Nanga tinato ukutisiyiranji?"

"N'tosafunika pa makina athuwa, bambo. Kena n'ka makompyuta a mtundu wina. Tiwiriti timagwira ntchito imodzi, tikakhala pamodzi timalimbana."

"Kodi n'togula?"

"Ayi, n'taulere."

"Ndiye ika tonse. Unaona kuti munthu akukana banyira pamsika? Eni ake akamva kuti tasiya zinthu zawo adzati ndife onyada, eti?"

Kunena zoona, ine ndinaona kuti a Mbewe alankhula zanzeru. Mayi wogulitsa tomato akakuwonjezera awiri, ngakhale ophwanyika, umalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Tinakula choncho.

Tadala anamvera. Makina anabuula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako anaima, n'kulavula mizere yodandaula. Mtsikanayo anayambiranso, ulendo uno atatisiya timaphukusi tija, ndipo layibulale inamangika. Pofika Lachisanu makompyuta onse anali akuyaka. A Mbewe atamufunsa ngati anaikamo tonse, sanabise. "Zinakana, bambo. Ndinaikamo chofunika chokha."

Apa ndi pamene mutu wanga unayambira kuzungulira. Ine ndimadziwa kuti chinthu ukachiwonjezera chimakula. Fodya akachuluka, belo limalemera. Nanga ichi n'chinthu chanji chimene chimachira ukachichotsera? Ndinamufunsa Tadala kawiri, anandifotokozera kawiri, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili mbuli kuposa m'mawa.

Koma ndili pa njinga ndinayamba kukumbuka zina. Kuseri kwa holo yomweyi kuli chipinda chodzaza mphatso zimene sitinakanepo: makina osokera opanda singano, mabuku a chilankhulo chimene palibe amachidziwa, nsapato zoyendera pa chipale chofewa. Mlamu wanga ku Kabudula anabzala mbewu yaulere yosayanjana ndi dothi lake, akudziwa, chifukwa anachita manyazi kumubweza mlangizi. Kodi inu munamvapo komiti ya m'mudzi ikuuza wopereka kuti zikomo, koma ichi sitichifuna? Timati wopatsidwa sasankha. Mwina ndi ulemu. Mwina ndi mantha oti tikakana lero, mawa satipatsanso. Ine sindikutha kusiyanitsa, ndipo zikundisowetsa mtendere.

Lamulungu itatha Misa, komiti inakumana m'holo momwemo, makompyuta akuwala pambali pathu. A Mbewe anayamikira kuti makina akugwira ntchito. Kenako anati nkhawa yawo ndi khalidwe: mwana amene wauzidwa ndi akulu kuti ika, iye n'kuchotsa, adzawaphunzitsa chiyani ana athu? Mayi wina anafunsa kuti timaphukusi totsalato tili kuti, tisungidwe m'chipinda cha katundu tingasowe. Tadala anati tili pa fulashi, kachipangizo kosungiramo za pakompyuta. Akomiti anamulanda fulashiyo n'kuitsekera m'kabati.

Ndinayesa kumuikira kumbuyo, koma a Mbewe anandipempha kuti ndifotokozere komiti chifukwa chake timaphukusito timalimbana. Sindikudziwa, abale. Chimene ndikudziwa n'chakuti makinawo anayaka.

Tadala anauzidwa kuti adzaitanidwa komiti ikaganiza bwino. Tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo, ndipo mtima ukundiwawa. Anagwada, anathokoza, n'kutuluka.

Dzulo achinyamata anabwera kudzaphunzira, anapeza makompyuta oyaka opanda wowaphunzitsa. Ndithandizeni inu owerenga, poti ine zandisokoneza: akanaikamo tonse, makina n'kufa, bwenzi titamulemba ntchito?