Mlandu wa Mkamwini Wosatsokomola

Mwezi watha anandiitana kwathu ku Utale kuti ndikaweruze nawo mlandu womwe sindinaumvepo chibadwire. Woimbidwa mlandu anali alamu anga a Jafali, amuna a achemwali anga a Rozina. Cholakwa chawo? Satsokomola.

Musaseke. Nkhani inali itafika poti alongedze katundu abwerere kwawo ku Chikweo.

Pabanja pathu matenda a kuthamanga kwa magazi, omwe timangoti bipi, anatikonda. Achemwali, amalume a Pio ndi mayi aang'ono onse analandira mapiritsi ofanana kuchipatala. A Jafali nawonso anawapatsa omwewo. Posakhalitsa atatuwo anayamba chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chopanda makhololo. Anakayezetsa chifuwa chachikulu, sichinapezeke. Mandimu anatha mumtengo, adyo anatha pamsika, masamba a bulugamu anafukizidwa mpaka mphaka anasamuka m'nyumba. Chifuwa osasuntha.

Koma a Jafali pakhosi pali zii, akupita kudimba akuimba mluzu.

"Iyayi, apa pali kanthu," anatero amalume pamsonkhano wa banja, mawu akuduka ndi chifuwa. "Mapiritsi amodzi, chipatala chimodzi. Eni mudzi tikutha, mlendo akunenepa. Akufuna dimba ameneyu!"

Pamenepo a Jafali anagwira pachifuwa n'kutsokomola kawiri, kachifuwa kofooka ngati ka mbuzi yonyowa ndi mvula.

Achemwali anandinong'oneza kuti, "Akunama. Ayamba dzana kuti afanane nafe. Akalowa m'nyumba amasiya."

Ndinaseka, koma chisoni chinandigwira. Munthu wamera imvi akulima munda wathu, ana ake ndi magazi athu, lero akupempha malo pamudzi ndi chifuwa chabodza.

Ndinapempha kuti chigamulo chidikire, ndipo ndinaperekeza odwala atatuwo kuchipatala. Dokotala atamva anafunsa chifukwa chake sananene kuti chifuwa chinayamba atayamba mapiritsi.

"Simunafunse," anayankha amalume. "Komanso munthu wapatsidwa mankhwala ulere, adandaulenso?"

Dokotalayo anafotokoza kuti mtundu wina wa mapiritsi a bipi umabweretsa chifuwa chouma kwa anthu ena, ena ayi. Matupi salandira mankhwala mofanana, ndipo zina mwa zimenezi timatengera kwa makolo, ngati mano otalikirana kapena dazi. Anthu a mimba imodzi akhoza kutsokomola onse, mkamwini osamva kanthu. Anawasinthira mapiritsi, n'kuwachenjeza kuti asadzayerekeze kusiya mankhwala paokha.

Kodi si mmene tilili ambirife? Kwa dokotala timakhala ngati tili m'tchalitchi: inde, zikomo, tapita. Tikafika kunyumba m'pamene timatsegula bwalo la milandu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife timatsekula cha mnzathu. Mwana akakhoza sukulu timati magazi a kwathu. Matenda akagwira mbumba yonse, magazi omwewo timawaiwala, timayang'ana amene anabwera ndi chikwama.

Ndipo wobwera ndi chikwamayo nthawi zonse amakhala alipo.

Lachitatu lapitali ndinapitanso kukawazonda. Achemwali pakhosi payera, mayi aang'ono abwerera kukwaya, amalume akulankhula osapumira ngati kale. Pamudzi ponse munthu mmodzi yekha ndi amene akutsokomola: a Jafali. Palibe anawauza kuti mlandu unatha, ndipo kudzikakamiza kuja kwawatupitsa pakhosi. Tsopano chifuwa chawo n'chenicheni.

Amalume anandikokera kuseri kwa khola, maso akuwala.

"Mwaona, mphwanga? Ife tachira, iyeyo wayamba. Zamubwerera!"

Asatsokomole, ndi mfiti. Atsokomole, ndi mfiti. Ndiye ndikufunseni inu eni mbumba: munthu ameneyu apume bwanji?