Mpando umene sindinakupatseni

Achimwene, mawa kutchalitchi kuli Mgonero, ndipo mtima wanga wabwereranso pachigafa chija ku Mitundu, chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri. Munali mutabzala fodya m'munda umene amayi anasiyira ine, ndipo ndinalumbira kuti sindidzakulankhulaninso. Loweruka lina munapalasa njinga kuchokera ku Nathenje n'kundipeza ndikusoka fodya. Munavula chipewa n'kunena kuti, "Mlongo wanga, mawa ndi Mgonero. Ndikalandira bwanji iwe uli chikwiyire? Ndinalakwa, munda ndi wako." Ine osadzutsa ngakhale mutu. Mpando sindinakupatseni, madzi akumwa omwe ayi. Munaima pomwepo mpaka masamba onse ndinamaliza, kenako munakwera njinga yanu.

Ndinkati ndikukhaulitseni pang'ono chabe, ndidzakukhululukireni tikakolola chimanga. Chimangacho tinakolola inu muli m'manda. Abusa amandiuza kuti Ambuye anandikhululukira kalekale, ndipo sindikuwatsutsa. Koma mpaka lero mbale ya mkate ikafika pa ine, dzanja limakana, ndimangoipatsira mnzanga. Munda ndinaupeza, Achimwene, ndikulima ndine. Nanga mawu aja ndinakusungirani podikira kukolola, ndikauze ndani?