Mizu imene ndinkamwera amuna anga

Ndinamwa mizu zaka zisanu ndi ziwiri ndikufuna mwana. Mayi anga ankakaitenga kwa asing'anga a ku Kabudula, ina kwa azamba akwathu ku Nsaru, n'kuiviika m'kamphika kuseri kwa nkhokwe. M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda, chikho chodzaza, iwo ataima pomwepo kuti ndisataye. Kuwawa kwake kunkafika mpaka m'makutu. Anzanga a msinkhu wanga anali atayamba kale kutchedwa amake uje, ine ndikuitanidwabe ndi dzina la paubwana. Ndinatopa, ndinene zoona.

Amuna anga anali mkamwini, ochokera cha ku Nambuma. Anali munthu wofatsa, wodziwa kulima fodya, ndipo asanandikwatire anakagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Atsibweni anga ankawayamikira pa khasu, koma tsiku lina ananditengera pambali.

"Ngati vuto lili kwa mkamwiniyu, unene msanga. Mbumba yanga singathere m'manja mwa munthu wobwera."

Ndinadziwa zimene ankatanthauza. Kapena kuwapitikitsa, kapena kundipezera fisi, mwamuna wina wobwera mobisa kudzandipatsa pathupi. Zonse ziwiri sindinkazifuna.

Zaka zimenezo, chitaganya chitangoyamba, anthu ankakhulupirira kuti jakisoni amachiza chilichonse. Mayi atamva kuti kuchipatala cha mishoni ena akubayitsa, anatikakamiza kuti tipite. Amuna anga anazengereza mpaka fodya anatha kumangidwa, kenaka zifukwa zinawathera. Ananditenga pa njinga.

Adokotala anandiyeza, nandifunsa za kumwezi, nati sakuona chovuta. Jakisoni yemweyo sanandibaye. M'malo mwake anaitana amuna anga, ine n'kutsala pakhonde ndi azimayi obereka ana kumsana. Anakhalitsamo.

Pobwerera sanakwere njinga. Ankangoikankha, ine pambuyo, dzuwa lili paliwombo. Titafika pamtsinje anaima.

"Inu, ku Joni ndinadwala matsagwidi. Sanatupe masaya okha. Anatsikira ndi kumusi. Dokotala wa pamgodi anati mwina sindidzabereka. Awanso anena zomwezo."

"Ndiye kuti munkadziwa, eti?"

"Ndinkati mwina analakwitsa."

"Zaka zonsezi ine ndikumwa zowawa, inu mukundiyang'ana?"

Ndinkafuna kukalipa, koma mphamvu zake ndinalibe. Ndinakhala pamwala, n'kumawayang'ana bambo wamkulu atagwira zigwiriro za njinga ngati mwana wogwidwa ndi chimanga chosapsa. Ndinawakwiyira, ndipo mpaka lero mkwiyo umenewo sunathe wonse. Komanso ndinadziwa kuti mawu amenewa akangofika kwa atsibweni, sabata silitha munthuyu asananyamule bulangete lake.

Tinafika pamudzi nkhuku zisanalowe. Mayi anatichingamira, atsibweni ali pampando chapafupi, akunamizira kusema mpini.

"Kodi akubaya?"

"Ayi, amayi."

"Nanga akuti chiyani?"

Amuna anga anali akuimika njinga, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Akuti vuto ndi langa ndithu," ndinatero. "Akuti ndipitirize mizu."

M'mawa mwake chikho chinabwera monga mwa masiku onse, ndipo ndinamwa mpaka pansi. Ndinamwanso zaka zina zinayi, kufikira pamene mayi anamwalira. Kamphika kaja amuna anga ndiwo anakataya kudzala, ine osawatuma.