Mbalame Imene a Sitima Anaisambitsa

Amalume anga a Sitima akhala akujambula zithunzi kuyambira ine ndisanabadwe. Ndi achimwene awo a mayi anga, ndipo anakwatira m'mudzi woyandikana ndi wathu, kunsi kwa phiri la Michesi. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa situdiyo ina ku Limbe, yosesa ndi kuyanika zithunzi, mpaka mwini wakeyo anawaphunzitsa kugwira kamera. Atabwerera kuno anagula njinga, nayamba kuzungulira m'matchalitchi, m'maukwati ndi m'masukulu ophunzira akamatsanzikana.

Ku Limbeko anabwerako ndi lamulo limodzi limene sanalitayepo: chithunzi sichiperekedwa kwa mwini wake chisanasambe. Kusambitsako n'kuchotsa ziphuphu kumaso, kuwalitsa nkhope imene yada ndi mthunzi, kufiiritsa pang'ono milomo ya mkwatibwi, kufufuta fumbi la pa nsapato. Kale ankachita zimenezi ndi kaburashi, kenako pa kompyuta ya munthu wina ku Migowi, ndipo masiku ano amachitira pa foni. Anthu ankawakondera chimenechi. Amayi ena a ku Nkhulambe mpaka lero amati chithunzi cha a Sitima ndicho chinawapezera banja, ndipo amuna awo amayankha kuti iwo akudikirabe mkazi wa pa chithunzicho kuti afike.

Mafoni atachuluka ntchito inachepa. Aliyense anayamba kudzijambula yekha. Amalume anatembenukira ku munda wa nandolo, ndipo nthawi zina ankapalasa njinga kupita ku nyanja ya Chilwa kukapikula matemba oti akazi awo azigulitsa pamsika. Kamera sankaisiya. Akamadikira mabwato padoko ankajambula zimene zinalipo: akakowa, abakha a m'thengo, avuwo. Mphunzitsi wina ataona zithunzizo anawalowetsa m'gulu la pa Watsapu la anthu okonda kuona mbalame, ambiri a ku Zomba ndi ku Blantyre, ena a kunja.

M'gulumo amalemba Chingerezi. Amalume amachimva koma kulemba amachedwa, ndiye ankandiitana ine. Iwo amanena, ine n'kumalemba: malo, tsiku, ndi kumapeto dzina lawo. Anthu a m'gulumo analibe wina wokhala mbali yathu ino ya nyanja, choncho chithunzi chilichonse cha amalume chinkalandiridwa bwino. Ankawafunsa ngati madzi akwera, ngati mbalame zakutizakuti zafika. Amalume anayambanso kusita malaya popita kudoko, monga ankachitira popita ku ukwati.

Pali mbalame ina ya m'madzi imene imatsata asodzi n'kumatola nsomba zogwa mu ukonde. Ena amaitcha nkhalakata. Yaikulu imakhala yoyera kumimba, mutu wotuwa, mlomo ndi miyendo zofiira. Yaing'ono siioneka choncho ayi. Mapiko ake amakhala ndi mawanga ofiirira ngati dothi, miyendo ndi mlomo zimakhala zofuwa, ndipo kuseri kwa diso kumakhala kadontho kakuda ngati mwaye. Izi ndikuzidziwa tsopano. Nthawi imeneyo ine ndi amalume tinkangodziwa kuti ndi mbalame za padoko.

Tsiku lina m'nyengo ya chisanu amalume anabwera ndi chithunzi cha imodzi mwa mbalamezi, itaima yokha pa mphuno ya bwato. Anakhala nacho pakhonde masana onse, magalasi ali pamphuno, chala chili pa foni. Madzulo anandiitana.

"Aliness, tabwera ulembe. Uti: Chilwa, mbali ya Phalombe. Wojambula Sitima."

Chithunzicho chinali chokongola. Mbalameyo inali ndi mutu woyera mbee, miyendo yofiira ngati tsabola, mapiko amawangamawanga. Ndinalemba, n'kutumiza.

M'mawa mwake foni inali itadzaza. Wina anati sanaonepo nkhalakata yaing'ono ya miyendo yofiira chonchi. Wina anafunsa kuti kadontho ka kuseri kwa diso kali kuti. Bambo wina wa ku Joni analemba zambiri, kunena kuti kwawo kuli mtundu wina wa mutu woyera umene nthawi zina umakwerana ndi wa mutu wotuwawu, ndipo mwana wake amatuluka wosokoneza. Anati mwina iyi ndi yotero, haibulidi, ngakhale sankamvetsa kuti yafika bwanji kuno. Ena anatsutsa, nati yachokera kumpoto, ku maiko ozizira. Onse anagwirizana chimodzi: ngati ili yoona, n'koyamba kuoneka pa Chilwa, ndipo dzina la woiona lidzalembedwa.

Ndinawawerengera amalume zonsezi m'Chichewa. Nditamaliza anapita kukauza akazi awo kukhitchini.

Loweruka lotsatira kunabwera mayi Felista, mmodzi wa oyang'anira gululo. Anakwera minibasi kuchokera ku Zomba, kenako njinga yamoto. Anali mayi wamfupi, wovala chipewa cha nsalu, magalasi oonera patali ali m'khosi. Amalume anati ndipite nawo, mwina pangafunike Chingerezi, koma mayiyo ankayankhula Chichewa bwinobwino ndipo ine ndinangonyamula madzi akumwa.

Padoko tinapeza a Makina, msodzi amene bwato lake linali pa chithunzi paja, akusoka ukonde.

"A Sitima, lero mwabwera ndi alendo? Mukanandiuza ndikanasamba."

"Abwerera mbalame, osati inu."

"Mbalame iti?"

"Ija inatera pa bwato lanu. Akuti ndi haibulidi."

A Makina anaika singano pansi. "Haibulidi? Ndiye imafuna feteleza kangati?"

Mayi Felista anaseka, koma maso awo anali kale pamadzi. Mbalame zinalipo zambiri, zikuuluka pamwamba pa anthu otsuka nsomba. Anaziyang'ana imodziimodzi, nthawi yaitali. Dzuwa linakwera. Kenako amalume analoza.

"Iyo! Iyo yatera pa chikuni. Ndi yomweyo, imatsimphina mwendo wakumanzere."

Mayi Felista anaiyang'ana. Anatsitsa magalasi, n'kuyang'ana chithunzi cha pa foni yawo, n'kukwezanso magalasi.

"Bambo Sitima, mukutsimikiza?"

"Ndinaijambula ndine. Ndingaiiwale?"

"Iyi miyendo yake ndi yofuwa. Ndipo kadontho kakuda ako, kuseri kwa diso."

"Eya, kalipo," anatero amalume. "Ndinakachotsa."

Mayiyo anatembenuka. "Munakachotsa?"

"Kanali kuipitsa nkhope. Miyendonso inatuluka yotumbuluka ngati ikudwala, ndiye ndinaibwezera mtundu wake. Zinzake zonsezi si izi, miyendo yofiira?"

Anatulutsa kamera n'kuwaonetsa chithunzi choyamba, chisanasambe. Anaonetsa mosabisa, monga mmisiri amaonetsera thabwa asanalipale. Mayi Felista anachiyang'ana kanthawi, kenako anakhala pansi pa bwato lovundikira.

"Bambo, iyi ndi mwana chabe wa zomwezi. Wa chaka chino. Kadontho mwachotsako ndi kamene timadziwira kuti ndi mwana. Miyendo imadzafiira yokha ikakula."

"Ndiye ndaithandiza kukula msanga," anatero amalume, koma palibe amene anaseka kupatula a Makina.

"Zithunzi zina zija munatitumizira, nazonso munazikonza?"

"Mayi, ine sindinapatsepo munthu chithunzi chosasamba. Si ulemu."

"Kwa ife chosasambacho ndicho chithunzi. Mukakonza, sitidziwanso kuti cha mbalame n'chiti, cha inu n'chiti."

A Makina anatola singano yawo. "Ine ndinkadabwa," anatero. "Chithunzi chija munandijambula pa ubatizo, mwana wanga anafunsa kuti bambo awa ndi a kuti."

Mayi Felista anathokoza amalume mwaulemu powatsanzika, ndipo madzulo analemba m'gulu muja mawu ochepa: mbalameyo ndi yaing'ono ya mtundu wamba, chithunzi chinakonzedwa, wojambula sanafune kunamiza munthu. Bambo wa ku Joni uja anayankha ndi nkhope yoseka. Wina analemba kuti zithunzi zonse zochokera mbali ya Phalombe ziyambe zaikidwa padera. Izi nazonso ndinawawerengera amalume, chifukwa anandiuza kuti ndisadumphe kanthu.

Sanawachotse m'gulu, koma mafunso aja anatha. Amalume anatumiza chithunzi cha vuwo, palibe anayankha. Anatumiza cha abakha, wina anangofunsa kuti, "Ichi n'chenicheni?" Kuyambira pamenepo anasiya kundiitana. Kunyanja ankapitabe chifukwa cha matemba, kamera ili m'chikwama, koma akazi awo anati sankaitulutsa. Nandolo anacha, anakolola, anagulitsa.

Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akuyang'ana zithunzi zakale za mu kamera.

"Aliness, iwe unapita kusukulu. Tandiuza. Munthu angaike dzina lake pa chinthu chimene sanachigwire?"

"Simunachigwire bwanji, amalume? Si inu mwajambula?"

"Kudina batani? Ameneyo ndi mwana aliyense."

Iwo anapitiriza kuyang'ana.

Mvula itayandikira, madzi a m'nyanja ataphwa mpaka mabwato kumakokedwa m'matope, amalume anabwera kunyumba kwathu okha, thukuta lili thupi lonse, njinga asanakaisiye n'komwe. Anandipatsa foni. Panali zithunzi zingapo za mbalame imodzi: cha kumbali, cha kumbuyo, china itatambasula mapiko, china chosaoneka bwino chifukwa inali ikunyamuka. Inali ngati nkhalakata koma yaikulu kuposa zinzake zimene zinaima pafupi, yoderapo thupi lonse, mlomo wakuda wonenepa. Kumbuyo kwake kunkaoneka chigubu chosweka ndi mulu wa mamba a nsomba.

"Ndakhala m'matope kuyambira m'mawa kuti itembenuke," anatero. "Sindinakhudze kanthu. Ngakhale chigubucho. Tumiza zonse, ndi choipachonso."

"Ndilembe dzina?"

Anaganiza. "Lemba. Ulembenso kuti sizinasambe."

Tsiku loyamba kunali zii. Lachiwiri mayi Felista anapempha kuti atumize zithunzizo monga zinatulukira mu kamera, ndipo tinapita ku Migowi kukazitumiza pa kompyuta. Mayiyo atazilandira analemba kuti azifufuza ndipo apeza kuti n'zosakonzedwa. Pamenepo mkangano unayamba. Ena anati ndi mwana wa mtundu waukulu wa msana wakuda umene umachokera kumpoto nyengo ino. Ena anati nthenga za pa phiko sizikugwirizana, mwina ndi mtundu wina wofanana nawo, mwinanso wosakanizika. Anakuza chithunzi cha mapiko chija, kujambulapo mizere, kuwerenga nthenga. Bambo wa ku Joni anafunsa ngati a Sitima angabwerereko kukajambula mchira. Amalume anapitako kawiri, koma mbalameyo inali itachoka.

Mpaka lero anthu a m'gulumo sanagwirizane. Mayi Felista analemba kuti mbalameyo ikhale yosadziwika mtundu, yoonedwa pa Chilwa ndi S. Sitima. Nditawawerengera, amalume anafunsa ngati pali wina amene wakayikira chithunzicho. Ndinayang'ananso mauthenga onse kuyambira pamwamba. Panalibe.

"Chabwino," anatero. "Azikangana ndi mbalameyo."

Anatenga foni yawo n'kunyamuka, chifukwa m'bandakucha wake ankafuna kukafika kudoko mabwato asanabwere.