Chuku cha mlamu wanga chinapita nawo kumanda

Ndinadzuka kusanache tsiku loika mlamu wanga, khosi litauma ndi mpando wapulasitiki. Panja pa nyumba yake ku Chelstone moto unkayaka mokoma. Amuna ankasonkhezera mapesi ndi zitsononkho zomwe malemu ankasungira ntchito yake.

Ntchitoyo inali kuweta chuku. Eya, ngati chomera pa buledi woiwalika chija. Chake chinali chosankhika: chimatulutsa madzi osungunula mapesi kukhala shuga, shugayo n'kufufumitsidwa kukhala mafuta a galimoto. Cha kulabotale ya kuntchito kwake chinafa magetsi atathima nthawi yaitali, ndiye mbewu yotsala inali m'mabotolo, mufiriji ya pakhomo yoyendera mphamvu ya dzuwa. Za mapesi sindinadandaule. Zambia sadzasowa mapesi.

Kutacha anthu anachuluka mpaka makondakitala a minibasi anasiya kuitana Chelstone, n'kumangoti kumaliro. Wotsutsa akafunse. Amayi a mpingo analanda khitchini monga mwa mwambo, nayamba kufunira nkhuku malo mufiriji.

Mlongo wanga anali pamatilesi pabalaza, pomwe namfedwa sanyamuka wamba. Anandikodola n'kunong'ona: "Ataya mabotolo."

Ndinawapeza kudzala, dzuwa la Okutobala litayamba kuwalasa. Dzuwa lake linali loti nkhuku ya aneba inaikira dzira lophikaphika. Ndinadya ndine.

"Amai, ivi si vinyalala," ndinauza wamkulu wa ophika.

"Imwe ba tate, vinthu voola so? Mufuna alendo aseke mukazi wa pano? Chokani, kuno ni kwa azimai."

Sindinatsutse. Munthu wogwira mthiko satsutsidwa pamaliro. Ndinabwereka bokosi la ayisi, n'kuikamo mabotolo, ndipo sindinalisiyenso. Kutchalitchi linakhala pamiyendo panga. M'basi yopita kumanda aliyense ankaliyang'ana ndi ludzu. Bambo wina wa tayi anandigunda phewa.

"Shani ba bosi, tipatseniko kozizila."

Ndinamuuza kuti akamwa, pofika madzulo akhala atasanduka petulo. Anasamukira kumbuyo.

Kumanda fumbi linatikuta mpaka ndinapepesa m'bale wanga weniweni ngati mlendo. Bokosi la malemu litatsitsidwa, wolengeza anaitana oika nkhata: namfedwa, ana, achibale. Ine ndinkadikira gulu limodzi. Atati anzake akuntchito, panatuluka mayi wamagalasi. Atangoika maluwa ndinam'tsekera njira n'kutsegula chivundikiro cha bokosi la ayisi lija. Anatenga botolo, n'kuliyang'ana motalika.

"Chili moyo," anatero. Anakumbatira bokosilo n'kulunjika ku galimoto yake, osadikira pemphero lotsekera.

Madzulo tenti inali itapita, mipando yabwerera m'nyumba, pabwalo phulusa lokhalokha. Mlongo wanga anali yekha pasofa.

"Chuku chafika?" anafunsa.

"Chafika. Lolemba achidyetsa."

Anagwedeza mutu, n'kugona pomwepo nsapato zili kuphazi. Chimwalirire mwamuna wake anali asanatseke maso. Ndinam'funditsa chitenje n'kuzimitsa nyali.