Za bambo aang'ono Yotamu ndi ulendo wa ku Manchester

Abale nonse, mwaswera bwanji? Khalani pansi kaye, kuno ku Kanyenda tamva zoti sitinaziganizirepo.

Masana ano tinali pakhonde kulongedza chikwama cha mwana wanga Tiwonge, poti Loweruka akupita kusukulu ku Manchester. Mnzake wa kumeneko amatiuza pa foni kuti atenge jekete yokhuthala ndi ambulera, nyama yowamba asatenge chifukwa amalanda pa bwalo la ndege, ndipo zambiri azikalipira ndi khadi.

Bambo anali chapompo akusoka ukonde. Mwadzidzidzi anati, "Mdzukulu wanga, ukafika ukandifunire Yotamu."

Ine ndinati, "Bambo, Yotamu uti? Mng'ono wanu uja si anamira m'nyanja ife tisanabadwe?"

Anaika ukonde pansi. Akuti nthawi ya chipani chimodzi bambo aang'onowo ankasakidwa chifukwa cholankhula zandale. Bambo anawathawitsa pa bwato, ndipo patapita nthawi anamva kuti anakafika ku Manchester. Kuti achipani asiye kuvutitsa banja, bambo anauza anthu kuti mng'ono wawoyo amira ndipo mtembo wawonongeka, sungaonedwe.

Abale anga, manda aja timalambula chaka chilichonse, muli thunthu la nthochi!

Mayi angonyamuka n'kukalowa m'nyumba. Tiwonge akulira, akuti mzinda waukulu chonchija akayambira pati. Bambo akuti sakufuna kumwalira asanamve mawu a mng'ono wawo.

Nanga azakhali a ku Dwangwa, poti sali pa gulu pano ndipo akhala akulira mlongo wawo zaka zonsezi, tiwauze kapena tiyambe tafufuza ngati ali moyo? Ndiyankheni chonde, ine mutu waima.