Kumasula Maheda Magetsi Asanathime

Chaka chimene mashelefu a m'masitolo a ku Kadoma anangoti mbee, ine ndinali nditamaliza maphunziro a makompyuta, koma ntchito kunalibe. Ndinkakhala ndi bambo anga m'dera la Waverley, awiriwiri, mayi atatisiya kalekale. Bambo ankagwira ntchito pafakitale yoluka nsalu, koma masiku amenewo ankangopita kukaonekera n'kubwerera, poti thonje linali litasiya kubwera ndipo makina anali zii. Makolo awo anachokera ku Malawi, iwo n'kubadwira pamgodi, ine m'tauni momwemo. Ankandiyankhula Chichewa ine n'kumayankha Chishona, kupatula ndikafuna kuwapempha kanthu.

Chuma changa chonse chinali kompyuta yakale imene aphunzitsi anga anandisiyira popita ku Joni. Potsanzikana anandiuza kuti, "Satifiketi yakoyi kunja sakuidziwa. Koma ukakonza kanthu mu kenelo, dzina lako limalembedwa pamenepo, aliyense padziko n'kuliona. Ntchito zina zimayambira pamenepo."

Kenelo ndi mtima wa pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Imene ndikunenayi inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Aliyense akakonza pake ankatumiza chigamba pa imelo, ndipo oyang'anira ankachilandira kapena kuchikana. Ndinagwira mawu a aphunzitsi aja ndi manja awiri, chifukwa china chogwira ndinalibe.

Vuto linali pa kuyesa. Ukasintha mzere ngakhale umodzi umayenera kukompaila, ndiye kuti kuuza makina asandutse zolembazo kukhala pulogalamu yeniyeni, uone ngati ikuyenda. Pa kompyuta yanga zimenezi zinkafuna pafupifupi tsiku lathunthu, pomwe magetsi a ku Waverley ankangobwera ngati odutsa. Akathima mwadzidzidzi, mafayilo ena ankawonongeka. Akabweranso, ntchito inkapitirira pomwe inalekera, koma ndikangokhudza fayilo ina yake imodzi, zonse zinkayambiranso pachiyambi.

Fayiloyo inali heda. Maheda ndi timafayilo touza mafayilo ena mayina ndi maonekedwe a zinthu zimene akufuna kugwiritsa ntchito, ndipo fayilo iliyonse imaitana maheda ake pamwamba penipeni. Heda imene inkandizunzayo inali itatupa ndi zaka. Aliyense wofuna kanthu kakang'ono ankaiitana yonse, iyo n'kuitana maheda ena, enawo n'kuitananso ena, mpaka ena ankazungulira n'kubwerera kwa iyo yomwe. Anthu a kunja, okhala ndi makina othamanga ndi magetsi osathima, ankangodandaula pang'ono n'kupitiriza. Ine ndinalibe mwayi wongodandaula. Ndinaganiza zoiduladula hedayo kuti fayilo iliyonse izitenga chokhacho chimene ikufuna.

Magetsi akapita ndinkayala makatoni pansi m'chipinda chochezera, n'kumajambula mivi yosonyeza heda iti ikuitana iti. Bambo ankalambalala makatoniwo popita kukhomo. Tsiku lina anaima n'kuyang'anitsitsa.

"Mwanawe, zimenezi akukulipira ndani?"

"Palibe, bambo. Koma akadzazilandira, mwina ndidzapeza ntchito kunja."

"Mwina," anabwereza motero. Anapitirira kukhomo. Tsikulo tinadya masamba owiritsa opanda sadza, nsima ya kuno, ndipo mawu akuti mwinawo anandipweteka kuposa njalayo.

Nditamaliza kuduladula, panafunika kukompaila zonse kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto osadukiza, kuti nditsimikize kuti sindinathyole kanthu. Ndinayesa kambirimbiri. Ulendo wina ntchito inatsala pang'ono kwambiri kutha, magetsi n'kuthima, ndipo ndinakhala pansi pakati pa makatoni aja n'kulira mokweza mpaka mayi a nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro.

Amene anandipezera njira anali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Iwo anabadwira papulazi ina kufupi ndi Chegutu ndipo anagwira ntchito pomwepo moyo wawo wonse, mpaka pulaziyo italandidwa, antchito onse n'kuuzidwa kuti achoke. Anapeza kachipinda ku Pfupajena, dera la ku Chegutu komweko, n'kuyamba kusesa pachipatala chaching'ono cha dokotala wina m'tauniyo. Pamenepo panali jenereta yoyendetsa firiji ya mankhwala. Azakhali anagwada kwa dokotalayo, ndipo iye anavomera kuti ndikalumikize kompyuta yanga tsiku limodzi Loweruka.

Ndinaikulunga m'nsalu, n'kukwera kombi, minibasi ya kuno, m'mawa nditaifungatira pamiyendo. Inali nyengo ya zisankho. Tisanafike ku Chegutu tinapeza miyala ndi zitsa zitayalidwa pamsewu, anyamata a ndodo ataima pamenepo. Anatitsitsa tonse. Mmodzi wamaso ofiira analoza mtolo wanga.

"Muli chiyani umu?" anafunsa m'Chishona.

"Kompyuta ya kusukulu."

"Ndi inu mumatumiza mabodza kunja. Bweretsa chitupa."

Ndinam'patsa. Anaona chizindikiro chimene chili pa zitupa za ife ana a obwera, chosonyeza kuti si ife nzika, ngakhale tinabadwira konkuno.

"Mubhurandaya," anauza anzake, onse n'kuseka. Ndi dzina limene amatinyoza nalo ife a magazi a ku Malawi. "Yatsa tione zili mkatimo."

"Ndiyatsira chiyani pano, achimwene? Imafuna magetsi."

Anayang'ana uku ndi uku, kutchire kokhakokha. Zinamukwiyitsa. Anandilanda mtolowo, n'kuukweza m'mwamba, n'kuusiya ugwe pa phula. Phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero. Mayi wina wachikulire amene tinali naye mu kombi anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kundinong'oneza kuti ndisatsegule pakamwa. Anatiimbitsa nyimbo zawo padzuwa, kenako anatilola kupita.

Ndinafika kuchipatala kuja. Azakhali anandilowetsa m'kachipinda kosungiramo matsache ndi zidebe, momwe munali soketi. Nditayatsa, kompyuta inangolira kuti pii, pii, osaonetsa kanthu. Zonse zimene ndinachita miyezi imeneyo zinali mmenemo. Ndinali ndisanazikopere pena paliponse chifukwa fulashi yanga, kachipangizo konyamulira mafayilo, inali itafa.

"Yafa?" anafunsa azakhali.

"Sindikudziwa, azakhali."

"Ndiye usayambe kulira usanadziwe. Ukufuna chiyani?"

Anandibweretsera mpeni wa kukhitchini, ndipo ndinamasulira zomangira. Kachitsulo kothandiza makina kukumbukira zinthu kanali katatuluka m'malo mwake chifukwa cha kugwa kuja. Ndinakapukuta ndi m'mphepete mwa siketi, n'kukakankhira m'malo, n'kuyatsanso. Zilembo zinayamba kuyenda pagalasi. Azakhali sanamvetse chimene zikunena, koma anaona nkhope yanga, n'kubwerera ku ntchito yawo akuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi.

Ndinakhala pachidebe chovundikira tsiku lonse, kumvetsera jenereta. Ikangosintha kaliridwe, ndinkadzuka kukayang'ana pagalasi. Dzuwa likupendeka, dokotala anasuzumira n'kunena kuti dizilo watsala pang'ono ndipo ayenera kuzimitsa zina zonse kupatula firiji. Ndinam'pempha ndi manja onse kuti adikire pang'ono. Anaima pakhomo pomwepo, akuyang'ana wotchi, mpaka mzere womaliza unatuluka wopanda cholakwa. Nditasinthako heda ija kuti ndiyese, mafayilo ochepa okha ndi amene anayambiranso. Ntchito ya tsiku lonse inali itasanduka ya kanthawi kophikira tiyi.

Ndinagona kwa azakhali ku Pfupajena, pamphasa, kompyuta ili kumutu. Lolemba ndinabwereka fulashi n'kukatumiza chigamba changa pa kafe ya intaneti ku Kadoma.

Yankho linabwera patatha sabata. Woyang'anira gawo la kenelo limene ndinakonzalo, munthu amene sindinamuonepo nkhope, analemba mwachidule. Anati ganizo ndi labwino, koma chigambacho n'chachikulu kwambiri moti palibe angachiwerenge, ndiponso chathyola kenelo pa mtundu wina wa makina umene ine ndinali ndisanauonepo n'komwe. Ndichigawe tizidutswa, ndikonze, nditumizenso. Ndinatuluka mu kafemo n'kuyenda wapansi mpaka kudera la Ingezi osadziwa kumene ndikupita.

Ndinayambiranso. Ulendo uno zinapepukako, chifukwa maheda omasukawo ankalola kuti ndiyese kachidutswa kamodzi magetsi asanathime. Ndinamulembera woyang'anirayo zoona zake, kuti makina enawo ndilibe ndipo kuno magetsi ndi a mwayi. Anayankha kuti aziyesa yekha kwawoko. Tizidutswa tina anatikana, tambiri anatilandira, ndipo mvula isanagwe dzina langa linalembedwa mu kenelo.

Munthu yemweyo anandilumikiza ndi kampani ina ya ku Joni imene inkafuna munthu wa ntchito ngati imeneyi. Anandifunsa mafunso pa imelo, anakhutira, n'kunena kuti nditumize nambala ya pasipoti. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kundiperekeza ku ofesi yoona za zitupa. Titaima pamzere mpaka masana, kalaliki anatiuza kuti ndiyenera kuyamba ndakana unzika wa Malawi, dziko limene sindinapondemo, ndipo zimenezo zimachitikira ku Harare, komanso mabuku a pasipoti anatha. Ndinapita ku Harare, n'kupitanso. Kampaniyo inadikira mpaka inatopa, n'kulemba wina.

Nditawauza bambo, anavula magalasi awo n'kuwapukuta.

"Kufakitale atiuza kuti tisamapitenso," anatero. "Ndimati ndikuuze ukalandira pasipoti."

Sabata yotsatira ndinapempha malo pakhonde la kagolosale kena ku Waverley, n'kuyamba kukonza mafoni a m'manja. Bambo ankabwera kudzakhala nane pabenchi, n'kumalandira makasitomala, chifukwa iwo ankadziwa pafupifupi aliyense wodutsa. Pasipoti ndinadzaipeza patapita zaka, iwo atamwalira kale.